Mutu 6: Mphira pa Gilayinda ya Amalume

1. Shedi yonolera

Pa kampani yodula mitengo ija panali shedi imodzi imene munthu ankayamba kuimva ndi makutu asanaione ndi maso. Inali kumapeto kwa bwalo lounjikapo zipika. Denga lake linali la malata, makoma ake a matabwa otsala. M'menemo ndi mmene ankanolera nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni yosendera makungwa. Kuseri kwake kunali jenereta yokalamba imene inkapereka magetsi ikafuna.

Chida chachikulu m'shedimo chinali gilayinda. Ndi kamakina kogwira m'manja, kokhala ndi disiki yozungulira kutsogolo. Ukakaona kali duu pa benchi ungayese choseweretsa ana. Koma disiki imene imadya chitsulo siingalephere mnofu wa munthu.

Wonola wamkulu anali bambo wachikulire amene anthu ankawatcha a Mano, chifukwa chitsulo chilichonse chobuntha chikadutsa m'manja mwawo chinkatuluka chikuluma. Wophunzira wawo anali mwana wa mlongo wawo, mtsikana amene anali atangomaliza sukulu. Dzina lake lenileni linkagwira ntchito pa satifiketi pokha. Kwina konse ankangoti Naliuma, ndipo dzinalo sanamunamizire.

Naliuma ndi amayi ake ankakhala ndi a Mano m'nyumba ya kampani. Nyumbayo inkayendera limodzi ndi ntchito ya a Mano. Ntchito ikatha, nyumba yathanso. Zimenezi aliyense m'banjamo ankazidziwa, ngakhale sankazitchula.

M'mawa umenewo kunazizira kwambiri. Monga mwa masiku onse, a Mano anayamba ntchito ndi ulaliki.

"Tamvera iwe mwana," anatero akumanga epuloni yachikopa. "Gilayinda ilibe m'bale. Siidziwa kuti uyu ndi malume, uyu ndi mwana wa mlongo. Ukafuna kusintha disiki, yamba wazula pulagi. Osangoti ndazimitsa, zula pulagi, uione ndi maso ili pansi. Chotchinga ichi usadzachichotse, ngakhale wina akuuze kuti chikuchedwetsa ntchito. Disiki ikagwa pansi, taya. Ikanyowa, taya. Imaoneka bwinobwino kunjaku koma m'kati yasweka, ndipo ikaphulika siisankha pogwera. Magalasi avale kumaso, osati pachipumi ngati woyendetsa njinga yamoto. Pomaliza, batani ili. Analipanga dala kuti uziligwira nthawi yonse. Ukalisiya, makina azima. Ukapunthwa, ukakomoka, ikakupulumuka m'manja, imafa yokha. Batani limeneli ndi limene limasunga miyendo yako. Wamva?"

"Ndamva, amalume," anayankha Naliuma. "Nanga mphirayo ndi ya chiyani?"

A Mano anakhala ngati sanamve.

"Mphira ya chubu imene mumakulunga pa batani mukaganiza kuti ndayang'ana kumbali. Dzulo ndinaiona. Dzana ndinaionanso. Ili mu lamulo lachingati?"

"Kabweretse nkhwangwa zija," anatero a Mano. "Pakamwa pako pamadzuka iwe usanadzuke."

2. Zala za a Mano

Nthawi ya tiyi isanakwane, Naliuma anamva kafungo kachilendo. Sikanali ka chitsulo kapena ka utuchi. Atacheuka anaona amalume ake atanyamula mutu wa nkhwangwa umene anali atangomaliza kunola. Chitsulocho chinali chotentha, chikufuka. Iwo anali atachigwira ndi zala zopanda magolovesi, akuyang'ana kumene kwathwa, ali phee.

"Amalume, mukupsa!"

A Mano anaponya chitsulocho m'ndowa ya madzi. Chinalira kuti tsii. Naliuma anawagwira dzanja asanalibise. Nsonga za zala zinali mbuu ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse, ndipo ziwiri zinali zitawauka.

"Simunamve kalikonse?"

A Mano anasuzumira pakhomo. Ataona kuti palibe amene akubwera, anakhala pa chitsa chimene ankachigwiritsa ntchito ngati mpando.

"Khala pansi. Poti maso ako sagona, ndikuuze. Zala izi zinayamba kuchita dzanzi iwe usanayambe sukulu. Gilayinda imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumalowa m'manja pang'onopang'ono. Poyamba zinkachita dzanzi madzulo okha, m'mawa n'kutha. Kenako zinayamba kuyera kukazizira. Pano batani lija sindingaligwire nthawi yaitali. Ndimaganiza kuti ndadina, koma chala chasiya kalekale. N'chifukwa chake ndimamanga mphira. Si ulesi ayi. Tsono umve bwino. Panali mnzanga amene tinayamba naye ntchito pano. Zala zake zitayamba zomwezi, anapita kukadandaula kwa mabwana. Anamuuza kuti akapume kaye. Mpaka lero akupumabe. Iwe ukufuna mayi ako akagone kuti? Ukufuna ndikayambe ntchito yanji ndi manja awa, pa msinkhu uno? Nkhani za m'banja zimathera m'banja. Zimene waona, wameza."

Naliuma anawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinali chenicheni. Awa ndi amalume amene ankamukonzera nsapato za kusukulu, amene anamupemphera malo m'shedi muno anthu akuseka kuti mtsikana ndi gilayinda n'zosayenderana. Koma chisoni sichinamutseke pakamwa.

"Ndiye ndipatseni ine gilayindayo. Ndizinola, inu muzindiuza."

"Kapitawo akadutsa n'kundipeza ndapinda manja, afunsa."

"Afunse. Timuuza."

"Timuuza chiyani? Iwe mutu wako ndi wa mwala eti?"

"Mwangondiuza m'mawa uno kuti batani limasunga miyendo yanga. Tsono miyendo yanga lero yasiya kufunika?"

Naliuma anadzuka, natenga mpeni wosendera makungwa. Anazula pulagi monga anamuphunzitsira, n'kudula mphira ija. Zidutswa zake anaziponya m'ndowa.

Amalume ake anamuyang'ana. Kenako anapisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa mphira ina yodula kale.

"Chubu cha lole n'chachitali, mwana iwe," anatero akukulunga. "Utopa ndiwe. Tenga nkhwangwa zathazo ukaike pa shelefu."

Naliuma anazinyamula mtima ukuwira. Anaziika pa shelefu mochita kumenyetsa, kuti aliyense amve kuti wakwiya.

3. Jenereta ikhosomola

Dzuwa litakwera, jenereta inakhosomola, inakhosomolanso, kenako ziii. Mafuta anali atatha. Gilayinda inafera m'manja mwa a Mano.

"Chinthu ichi chidzandipha ndi mtima," anadandaula. Anaika gilayinda pa benchi, n'kutenga chigubu cha mafuta, ulendo kuseri. Munthu amene ankalalikira za pulagi m'mawa uliwonse sanazule pulagi. Makina anali chete, ndipo chinthu chikakhala chete anthu amachiiwala.

Naliuma anali pa shelefu, atafulatira benchi, akusanja zikwanje.

Nthawi yomweyo analowa mnyamata wina wogwetsa mitengo, nkhwangwa ili paphewa. Ankamutcha Wailesi, chifukwa akayamba kuyankhula panalibe pozimitsira.

"Odi muno kwa madokotala a zitsulo! Nkhwangwa yanga yadwala, ikukana kudya. Achemwali, mwakwiyira ndani lero? Nkhope imeneyo mukapita nayo kunkhalango mitengo igwa yokha, ife ntchito itithera."

"Ikani pamzere, a Wailesi. Mudikire."

"Kudikira ndiye ntchito imene ndimaitha bwino."

Anadumphira pa benchi n'kukhala, miyendo ili lendee. Dzanja lake lamanzere analitsamiritsa pafupi ndi gilayinda. Anayamba kufotokoza za mlamu wake amene anagula wailesi yeniyeni n'kuibweza kusitolo chifukwa kunyumba kunali kale ina yosafuna mabatire.

Kuseri, a Mano anathira mafuta. Anakulunga chingwe cha jenereta padzanja, n'kukoka.

Jenereta inadzuka, gilayinda nayo inadzuka. Panalibe dzanja loigwira. Inadumpha pa benchi, n'kugudubuzika, disiki ili patsogolo. Inagwira Wailesi pamkono, pamwamba pa pomangira wotchi, n'kugwera pansi. Ngakhale pansipo siinazime. Inkazungulira pa simenti ikulavula moto, ikusaka miyendo.

Naliuma sanakuwe. Analumpha chingwe, n'kuzula pulagi pakhoma. Phokoso linatha, kunatsala mawu a Wailesi okha, ndipo sanali mawu a nthabwala.

"Mayo! Mkono wanga! Mayo ine!"

Magazi anali paliponse. Naliuma anatsegula bokosi la mankhwala limene linkapachikidwa pakhomo, natenga nsalu yoyera, n'kudinikiza pabala ndi mphamvu zake zonse.

"Kwezani mkono m'mwamba! Musayang'ane! Yang'anani ine!"

Anthu a pabwalo anathamangira m'shedi. "Mangani! Mangani pamwamba pa bala!" wina anakuwa. Apo ndi pamene Naliuma anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Amuna angapo anapisa m'matumba nthawi imodzi, ndipo aliyense anatulutsa mphira ya chubu, yodula bwinobwino, yofanana ndi ya amalume. Anayang'anana, n'kuchita manyazi. Ena anabweza msangamsanga.

"Bweretsani bandeji, osati zimenezo!" anatero Naliuma.

Anamukweza Wailesi pa lole yonyamula zipika. Nkhope yake inali itatuwa. Zala ziwiri za dzanja lovulalalo sizinkagwedezeka. Lole inanyamuka kupita kuchipatala, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito pakampanipo, Wailesi anachoka osanena kanthu.

Naliuma atabwerera m'shedi anapeza amalume ake atagwada pansi. Anali akumasula mphira pa gilayinda. Zala zinkalephera, ndiye anaikoka ndi mano.

"Amalume," anatero motsitsa mawu. "Kapitawo akubwera. Mukandilonjeza kuti simudzamanganso, ine ndisenza mlanduwu. Ndinena kuti inandipulumuka."

A Mano anaika mphirayo m'thumba.

"Popanda mphira sindingagwire ntchito."

"Ndiye mawa mumanganso?"

"Mawa ndidzasamala."

"Lero simunasamale?"

Panja panamveka nsapato za kapitawo.

4. Pamaso pa kapitawo

Kapitawo anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Sanali woipa mtima, koma ankakonda kuti nkhani zizitha msanga, lole zizinyamuka pa nthawi yake. Anaitana onse amene anali pabwalo kuti aime pakhomo la shedi. Anayang'ana magazi pa simenti, nayang'ana gilayinda.

"Makina awa sayenda okha. Ukasiya batani amazima. Ndiye kuti wina anali atawagwira. A Mano, munali kuti?"

"Kuseri, ku jenereta."

"M'shedi munali ndani?"

"Mtsikanayu," wina anayankha kumbuyo. Sananame. Anangosankha chidutswa cha zoona chimene chinamukomera.

Kapitawo anapumira m'mwamba, n'kutsitsa mawu ngati bambo woyankhula ndi mwana wake.

"Tamvera mtsikana. Ndiwe wophunzira, ndipo wophunzira amalakwitsa. Ine ndinayamba ntchito ino ndili ngati iwe, ndinaphwanya zinthu zambiri. Sindikuchotsa. Wachitanso bwino pomanga bala lija, ndamva. Ungovomera kuti unkayesa makina, magetsi atabwera anakudzidzimutsa, n'kukupulumuka. Upepese pamaso pa anzakowa. Ndikauza mabwana kuti inali ngozi ya wophunzira, ndakulangiza, zatha. Upume sabata ino, Lolemba ubwerere. Palibe amene ataye ntchito. Ukaumitsa khosi, nkhani ikula, ndipo ikakula siibwereranso m'manja mwanga. Wamva?"

Inali njira yosalala ndithu. Amuna aja anagwedeza mitu. Wina anachita kumunong'oneza kuti, "Vomera, mwana iwe, usachedwetse anthu." Naliuma anayang'ana amalume ake. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Zimenezo zinamupweteka kuposa mawu onse a kapitawo.

"Ayi," anatero.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, bwana. Sindinaigwire gilayinda, ndipo sindipepesa. Batani linali lomangidwa ndi mphira. Magetsi atabwera inayaka yokha."

Kapitawo anayang'ananso gilayinda ija.

"Anamanga ndani?"

"Amalume."

"Iwe!" wina anakuwa. "Malume ako enieni?"

"Enieni, inde. Ndilibe ena. Ndipo sanamange chifukwa cha ulesi. Zala zawo zinafa ndi gilayinda yomweyi. Lero apsa ndi chitsulo osamva. Ndikavomera bodza lanuli, Lolemba mphira ibwerera pa batani, ndipo amene amaima pafupi ndi benchi tsiku lonse ndi ine ndi iwowo. Lero wagwidwa mkono. Mawa mukufuna agwidwe pati?"

Kapitawo anatola gilayinda, pulagi ili pansi, n'kuipereka kwa a Mano.

"Dinani batani. Mugwire mpaka ndinene."

A Mano anadina. Anthu onse ankayang'ana chala chawo. Pasanapite nthawi batani linabwerera lokha kuti tha, chala chili pomwepo. Iwo sanadziwe. Anapitiriza kuyang'ana kapitawo, kudikira kuti anene kuti basi.

Kapitawo anawalanda makinawo pang'onopang'ono.

"A Mano, vulani epuloni. Pitani kunyumba. Nkhaniyi ndikaitula kwa mabwana."

Apa munthu wina akanakhala chete, poti zimene ankafuna kunena anali atanena. Koma Naliuma ataona amalume ake akulimbana ndi mfundo ya epuloni, anthu ali yuu kuwaonerera, mtima unamukwera.

"Musawayang'ane ngati ndi okhawa! Bwana, funsani zimene zili m'matumba mwa abambo awa. Aliyense ali ndi mphira yake. Amamanga pa macheka a injini, amamanga pa gilayinda ya kunkhalango. Mphirazo ndaziona lero ndi maso anga. Inunso bwana, munthu amagwira makina onjenjemera kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osasinthana ndi wina, osapumitsa manja, chaka ndi chaka. Amene wadandaula mumamuuza kuti akapume. Tsono mukudabwa chiyani kuti anthu akubisa zala?"

"Tseka pakamwa!" anatero kapitawo, maso ali psuu.

"Ndatseka. Ndamaliza kale."

Kapitawo anatembenukira amuna aja. Palibe amene anamuyang'ana m'maso. Manja onse anali atatuluka m'matumba, ngati m'matumbamo mwalowa moto.

A Mano anapachika epuloni pa msomali wake. Anadutsa pafupi ndi Naliuma ngati akudutsa chipika. Mtsikanayo anatenga ndowa ndi tsache, n'kuyamba kutsuka simenti yekha. Misozi inkatuluka, koma ankaipukuta ndi phewa kuti asapatse anthu chokamba.

5. Kunyumba

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi ake anali pakhomo, manja ali m'chiuno. Nkhani inali itafika kale, poti m'nyumba za kampani nkhani siidikira lole.

"Lowa," anatero.

A Mano anali pampando wawo wa pakona, atavala malaya a kuntchito, akuyang'ana khoma. Amayi anatseka chitseko.

"Ndakulera ndekha, ndipo liuma lako ndalipirira kuyambira uli kumsana. Unkakana bere ukakwiya. Kusukulu ndinkaitanidwa chifukwa chotsutsana ndi aphunzitsi, ndinkapita, ndinkapepesa. Koma lero wandivula. Achimwene angawa anatitenga tilibe pogwira. Denga ili ndi lawo. Bedi limene umagonapo anakhoma ndi manja omwewo amene wawayalutsa pagulu. Kapitawo anakupatsa njira yoti aliyense apulumuke, iwe n'kuikana. Ukuganiza kuti zoona zimanenedwa paliponse, nthawi iliyonse, ngati moni? Ukanabwera kuno, tikanakhala pansi, tikanawanyengerera. Pali zinthu zimene mwana amayamba wafunsa akulu. Tsono taona. Akatiuza kuti tichoke muno, katunduyu tikamutula kuti? Yankha, poti kuyankha ndiye umatha."

"Ndinawapempha, amayi. Kawiri konse. Afunseni."

Amayi anacheukira a Mano. A Mano sanatsutse.

"Za nyumba zikundiopsa inenso," anapitiriza Naliuma. "Sindikudziwa kumene tikapite. Koma a Wailesi ali kuchipatala, zala zawo sizikugwedezeka, ndipo ali ndi mwana wakhanda. Ndikanavomera bodza lija, tsiku lina akanabwera kudzakuuzani kuti amalume adzidula okha. Kapena ine. Pamenepo mukanati ndinachita bwino kukhala chete?"

"Usandifunse mafunso m'nyumba muno!"

"Pepani poyankha, amayi. Koma pa zimene ndanena kuntchito sindipepesa."

Amayi anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Naliuma anaima pomwepo, nsapato zakuntchito zili kuphazi, osadziwa ngati akuloledwa kukhala.

Kenako panja panamveka mapazi ambiri. Sanali a anthu odutsa. Anaima pa geti.

"Odi! Mtsikana uja atuluke!"

Amayi anasuzumira pa windo, n'kubwerera msanga.

"Ndi anthu a kunkhalango. Adzaza msewu."

"Atuluke!" mawu aja anabwereza. "Kapitawo walengeza kuti mawa tonse tikapimidwe zala kuchipatala cha kampani. Wopezeka ndi dzanzi, macheka awasiye. Atiuze mtsikanayo kuti ana athu adya chiyani!"

"Pita kuchipinda," ananong'ona amayi. "Ndiwauza kuti sunafike."

"Andiona ndikulowa. Ndipo sindinabe kanthu kuti ndibisale."

Anayenda kupita kuchitseko. Asanagwire chotsegulira, mpando wa pakona unalira. A Mano anali ataimirira. Anabwera pang'onopang'ono, n'kuima pambali pake. Sanamuyang'ane.

"Usaganize kuti ndakukhululukira," anatero. "Mwina sindidzakukhululukira n'komwe. Wandichotsa pa benchi imene ndakalambirapo, pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa kugwira nkhwangwa. Koma mkono wa mnyamata uja ndadula ndine, osati iwe. Ndipo anthu awa kumanga mphira anaonera ine."

Panja wina anagwedeza geti mwamphamvu.

"Ukatuluka, uime kumbuyo kwanga," anatero a Mano.

"Ndiima pambali panu, amalume."

A Mano anapukusa mutu ngati munthu amene watopa kukangana ndi mvula. Anatambasula dzanja kuti atsegule, koma zala zinaterereka pa chitsulo. Anayesanso, zinaterereka.

"Tsegula ndiwe," anatero.

Naliuma anatsegula. Kutsogolo kwa gulu lija sikunali mwamuna ayi. Kunali mkazi wa Wailesi, mayi wachitsikana, khanda lili kumsana, atanyamula malaya a mwamuna wake ouma ndi magazi.

"Ndikufuna amene anamanga mphira ija," anatero mayiyo.